Lumo la Amalume pa Mtsempha wa Achimwene

Kwathu ku Yofu, pachilumba cha pakati pa nyanja, ndimadziwika kuti ndine wamtima wapachala, ndipo sindikana. Mayi ankati ndinayamba kumenya anthu ndidakali kumsana. Ndachitapo ndewu pamsika, ndachitapo padoko polimbirana usipa, ndipo zambiri mwa izo ndinaziiwala kalekale. Imene ndimaiganizabe ndi imodzi, ndipo ndinaichita ndi amalume anga enieni, mlongo wawo wa mayi, chifukwa cha achimwene anga.

Achimwene anali oyamba kubadwa, ine chitsiriziro. Anapita ku Joni ine ndili kamtsikana, ndipo kumeneko ankaphikira banja lina la azungu. Ankabwera mwa apo ndi apo nthawi ya Khirisimasi, atanenepa, n'kulowa m'gule wa malipenga ndi anzawo akale ngati sanachokepo. Koma chaka chimene ndikunenachi anabwera nyengo ya mphepo ya mwera ili pakati, osatumiza ndi uthenga womwe. Tsikulo ndinali ku Chipyela ndi dengu langa la usipa. Sitima imaima patali, anthu n'kumatsika ndi boti laling'ono, ndipo potsiriza aliyense amayenda m'madzi ndi katundu wake. Ndinaona bambo wina wowonda atasenza sutikesi yaikulu pamutu, akukoka mwendo wakumanja, ndipo ndinauza mnzanga kuti, “Taonani agogo awo, katundu akuwaposa.” Atafika pamchenga anandiitana ndi dzina langa la ubwana. Dengu linandigwa m'manja.

Mawa lake anatifotokozera tili pansi pa mtengo wa mango, ine ndi mayi. Anati ali ndi khansa ya chiwindi, ndipo madokotala a kumeneko anakana kuwang'amba chifukwa chotupacho chinali pamalo oipa. M'malo mwake anawachita zina, zimene mabwana awo anawathandiza kupeza.

“Amakugoneka chagada, uli maso,” anatero. “Amabaya apa.” Analoza m'mphechepeche, pamene ntchafu imakumana ndi mimba, mayi n'kuyang'ana kumbali. “Amalowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe cha mbedza mu mtsempha waukulu wa magazi. Amakakankha pang'onopang'ono akuyang'ana pa kanema, mpaka kakafike pachiwindi. Akafika amathira mankhwala pachotupa penipenipo, kenako amatseka kanjira kamene kamachidyetsa magazi, kuti chife ndi njala.”

“Ndiye chafa?” anafunsa mayi.

“Akuti chakomoka. Akufuna ndibwererenso akachithirenso.”

Anaseka, koma kuseka kwawo sikunali kwabwino. Anatiuza za masiku otsatira, za kutentha thupi, za kusanza mpaka kutuluka zobiriwira, za moto umene unkayaka pansi pa nthiti zawo usana ndi usiku. Atangotha kuimirira analongedza sutikesi n'kukwera basi, osatsanzika kuchipatala. Ndinawafunsa kuti abwerera liti. Anati, “Mlongo, m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri.” Ndinawauza kuti apitamo, ngakhale ndichite kuwakoka ndi chingwe.

Vuto limene linatigwera silinayambire pachiwindi ayi. Linayambira pabala laling'ono lija, pamene panalowera kapaipi. Kuchipatala anawauza kuti asanyamule zolemera mpaka papole, koma iwo anasenza sutikesi ija basi ndi basi, dziko ndi dziko, itadzaza ndi nsalu za mayi, nsapato za ana anga ndi wailesi. Atafika kwathu pabalapo panali patatupa kale. Chotupacho chinkakula tikuona, mpaka chinafanana ndi ndimu lalikulu, khungu lake litada, likunyezimira. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kuliika pamenepo pamwamba pa nsalu. Ndinalichotsa msanga. Chinthucho chinkagunda.

Ndinawatengera kuchipatala ku Chipyela, akuyenda n'kumapuma pansi pa mlambe uliwonse. Adokotala amene tinawapeza anagwira, anamvetsera ndi chomvetsera chawo, kenako anandiyang'ana ine, osati wodwalayo. Anati si chithupsa. Anati mtsempha uja sunatsekeke bwino, ndipo magazi akuthawiramo n'kupanga thumba pansi pa khungu. Pachilumba panalibe zida zokonzera zoterozo, ndiye tinayenera kukwera sitima yotsatira kupita kuchipatala chachikulu kumtunda. Ankafuna kuwagoneka pomwepo podikira, koma achimwene anakana, ati fungo la chipatala likuwasanzitsa.

“Ngati mukupita nawo kunyumba, agone, asayendeyende,” anatero adokotala. “Ndipo mayi, mundimve bwino. Munthu asakhudze pamenepa. Singano ayi, lumo ayi, ngakhale kufinya. Pakangobooka, simufika nawo kuno.”

Ntchito yanga inali yokhayo basi, kusunga chotupacho chisabooke mpaka sitima ibwere. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito yopepuka. Ndinali nditaiwala amalume.

Amalume anali msodzi wa ku Mbungo, ndipo ndiwo anali mwini mbumba kwathu. Analinso munthu wa lumo. Mwana aliyense wa m'banja mwathu ali ndi mphini zawo penapake. Mbedza ikalowa m'chala cha munthu, anthu ankathamangira kwa iwo. Chithupsa chikapsa, iwo ankachitumbula kamodzi n'kamodzi, mafinya n'kutuluka, munthu n'kugona tulo tsiku lomwelo. Ine ndemwe ndili ndi chipsera m'khwapa cha ntchito yawo. Ndisaname, manja awo anali abwino, ndipo achimwene ankawakonda kuposa ana awo obereka. Ndiwo anawaphunzitsa kupalasa, ndiwonso anawaperekeza kusitima ulendo woyamba wa ku Joni.

Anabwera m'mawa wina ndi ana awo aamuna awiri, anyamata a mapewa okhwima ndi kukoka ukonde wa chilimira. Analowa m'nyumba, anakhala pamphasa, anaika chikhatho pachotupa n'kutseka maso. Ine ndinali pakhomo, ndikufinya chinangwa chovundika.

“Chindu ichi chili ndi moyo,” anatero amalume m'kalankhulidwe kawo ka kunyanja. “Azungu ako akusiyira chindu mkati, mphwanga. Chikufuna kutuluka, n'chifukwa chake chikugogoda.”

Ndinayankha ndili panja. “Amalume, ndi mtsempha umenewo. Kuchipatala ati pasakhudzidwe.”

“Wandu a chipatala ndiwo achiikamo. Ungafunse fisi za mbuzi yako?”

“Sitima ikubwera. Tipita nawo kumtunda.”

“Sitima ikabwera ipeza mundu atawola mwendo. Ine vithupsa ndatumbula iwe usanabadwe. Ichi chapsa, taona khungu.”

Nditasuzumira ndinaona akutulutsa kapepala m'thumba la malaya, n'kuyamba kukafunyulula. Linali lumo latsopano. Sindinaganize kawiri. Ndinanyamula beseni la madzi ovundikira chinangwa, amene aliyense wa kunyanja akudziwa fungo lake, n'kuwakhuthulira kumutu. Anadzuka akutsokomola. Ndinawakoka ndi kolala mpaka panja, batani n'kuthothoka, lumo n'kugwera mumchenga, ine n'kuliponda. Mwana wawo wamkulu anandiwomba khofi limene linandigwetsera pamtondo. Ndinadzuka ndi munsi m'manja. Ndinamumenya nawo paphewa mpaka anakhala pansi, mng'ono wake n'kundigwira kumbuyo, ine n'kumuponda chala ndi chidendene, tonse n'kugwera pathandala la usipa mpaka linathyoka. Anthu a m'mudzi anathamangira. Amayi ena ankakuwa kuti ndapenga, ena ankatola usipa wanga n'kumaika m'nsalu zawo.

Mayi anagwada pakati pathu akulira. Ankati ndawavula, mwana wamkazi samenya malume wake, tsoka limeneli lidzagwera ana anga. Amalume anaima akudontha madzi onunkha aja, ndipo sanakweze mawu.

“Iwe ndiwe mlongo wake chabe,” anatero. “Mwini mundu uyu ndine. Akafa, wandu adzafunsa ine, osati iwe.”

“Akafa ndi lumo lanu, ine ndidzakufunsani ndi nkhwangwa,” ndinawayankha. Mlomo wanga unali utang'ambika, ndipo ndinalavula magazi pafupi ndi mapazi awo.

Anapita. Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso kumsika. Ndinkakhala pakhomo ndi munsi pambali, ndipo aliyense wobwera kudzazonda ndinkamuyang'ana m'manja. Anthu anasiya kundipatsa moni. Ku tchalitchi nkhani inali ine. Sizinandikhudze. Chimene chinkandipweteka chinali kumva achimwene akubuula m'nyumba, chifukwa chotupacho chinkapanikiza mwendo wonse, ndipo mankhwala opha ululu amene tinapatsidwa sankagwiranso. Nthawi zina ankaluma nsalu. Nthawi zina ankanditukwana, munthu amene sanatukwanepo chibadwire, ati ndikuwasunga ngati mbuzi yodikira ukwati. Ndinkawayankha kuti anditukwane mmene angathere, bola akakwere sitima.

Tsiku la sitima linafika. Ndinadzuka m'mamawa kupita ku Chipyela kukatenga kalata ya kuchipatala ndi kukapempha machira, popeza achimwene sakanathanso kuyenda mtunda umenewo. Ndinauza mayi kuti atseke chitseko, asalole munthu. Mayi anavomera akuyang'ana pansi. Ndinabwerera dzuwa litakwera, ndili ndi amuna awiri onyamula machira, ndipo ndinapeza chitseko chili pululu, mphasa ili yokhayokha.

“Ali kuti?” ndinafunsa mayi.

Ndinawagwira mapewa n'kuwagwedeza, mayi anga ondibereka, mpaka mpango unagwa.

“Amalume ako abwera ndi boti,” anatero. “Apita naye ku Mbungo. Kwabwera sing'anga wa kutsidya. Mwana wanga amalira usiku wonse, iwe, ukanafuna nditani?”

Ndinathamanga. Njira ya ku Mbungo ndi ya miyala, yokwera ndi kutsika, yodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo patapata zanga zinaduka ndisanafike patali. Ndinazisiya. Ndili pafupi ndi mudzi ndinakumana ndi nkhalamba ina yachilendo, ya kachikwama kachikopa, ikutsetserekera kudoko mofulumira. Ndinadziwa kuti ndi sing'anga uja wa kutsidya, wa ku Cobue, ndipo ndinatola mwala. Iye anakweza manja.

“Mama, ine ndakana,” anatero. “Ndagwira, ndamva. Chindu chogunda pamodzi ndi mtima sichitemedwa. Ndawauza, koma akulu aja akuti ndine wamantha. Thamangani.”

Nyumba ya amalume inali pafupi ndi madzi. Achimwene anawagoneka kuseri, pamphasa, pamthunzi wa khonde. Panali beseni la madzi otentha, nsanza zochapa bwino, ndi kambale ka mankhwala akuda opaka pamphini. Amalume anali atagwada, atasamba m'manja. Ana awo aja anandiona ndikubwera ndipo anandichingamira. Nthawi imeneyi anali atakonzeka. Wina anandigwira m'chiuno, wina mikono, n'kundinyamula miyendo ili m'malere. Ndinaluma mkono umene unali pafupi ndi pakamwa panga mpaka mano anakumana ndi fupa. Anakuwa koma sanandisiye. Mnzake anandimenya chibakera m'mimba, mpweya n'kundithera, n'kundipanikiza pansi nkhope ili mumchenga.

“Achimwene!” ndinakuwa. “Auzeni asiye! Sitima yafika!”

Achimwene anatembenuza mutu. Maso awo anali achikasu, milomo itauma.

“Mlongo, usawamenye,” anatero. “Ndawaitana ndekha. Ndatopa. Angochiboola pang'ono chiphwe, ndiye tikakwera sitima yakoyo.”

“Ndi mtsempha! Amalume, ndikukupemphani, ndi mtsempha!”

Chibadwire ndinali ndisanawapemphepo chilichonse amalume. Anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anandimvera chisoni. Anati, “Mphwanga, ukaona mafinya udzandithokoza.” Anachita chizindikiro cha mtanda, anakoka khungu ndi zala ziwiri monga ankachitira nthawi zonse, n'kutema kamodzi.

Mafinya sanatuluke. Magazi anathovoka mpaka pa udzu wa denga, anawagwera amalume kumaso ndi m'kamwa, anatsika, anathovokanso, akutsata kugunda kwa mtima. Anali ofiira kwambiri, osati akuda ngati a bala wamba. Akazi amene anaima patali anabalalika akukuwa. Amalume anangogwada chomwecho, lumo lili m'manja, pakamwa pali yasa. Kenako anatola nsanza imodzi n'kuyamba kupukuta, ngati munthu wopukuta tiyi wotayika patebulo.

Ondigwira aja anandisiya okha. Ndinakankha amalume ndi phewa mpaka anagwera m'beseni. Ndinavula chitenje, ndinachipinda, ndinachikanikiza pabala ndi zibakera zonse ziwiri, n'kuikapo thupi langa lonse. Magazi ankatulukabe m'mipata ya zala, otentha. Ndinakanikiza kwambiri mpaka ndinamva fupa pansi, ndipo anachepa.

“Boti!” ndinakuwa. “Agalu inu, boti!”

Anatinyamula tonse awiri pamodzi ndi mphasa, chifukwa sindikanachotsa manja. Anatiika pansi pa boti, pamwamba pa ukonde wonyowa. Injini inakana. Mwana wa amalume, uja ndinamuluma, ankakoka chingwe magazi ake akudontha, akulira ngati mwana, mpaka inalira. Amalume anagwira chiwongolero. Mwera unali utadzuka, ndipo boti likagunda funde manja anga ankaterereka, magazi n'kuthovokanso, ine n'kufunafuna malo aja ndi zibakera. Madzi a pansi pa boti anasanduka ofiira ndipo ankayenda uku ndi uku m'mawondo mwanga.

Ndinawatukwana amalume njira yonse. Ndinawatchula mfiti, wakupha, nkhalamba yopusa. Ndinatukwana lumo lawo, maukonde awo, manda amene adzagonemo. Ankayang'ana kutsogolo, magazi a mphwawo akuuma m'ndevu zawo.

Achimwene poyamba ankabuula. Kenako anayamba kunena kuti akumva kuzizira. Mmodzi wa anyamata aja anavula malaya n'kuwafunditsa.

“Mlongo,” anatero, “ukundipweteka.”

“Ndikudziwa.”

“Chotsako manja pang'ono.”

“Sindichotsa.”

“Iwe nkhanza unabadwa nazo,” anatero, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna kuseka. Anafunsa ngati nsapato zija zinawakwana ana. Ndinati zinawakwana. Ananenanso zina zimene injini inandilanda. Ndinawauza kuti akhale chete asunge mphamvu, ndipo anakhaladi chete. Ndinasangalala kuti andimvera. Ndinasangalalanso kuona kuti magazi asiya kutuluka m'zala zanga, ndipo ndinauza anyamata aja kuti, “Mwaona? Ndaugwira. Ndaugwira tsopano.”

Titazungulira miyala tinaona doko, anthu ali piringupiringu ndi akatundu awo. Anyamata anayamba kukuwa tisanafike, ndipo ena anathamangira kuchipatala. Boti linakhudza mchenga. Anthu anatizungulira ataima m'madzi, kenako anayamba kubwerera m'mbuyo, amayi atagwira pakamwa. Namwino wina anafika akuthamanga, anakwera m'boti ndi nsapato zake zoyera, anagwira pakhosi pa achimwene, anawatsegula diso. Kenako anandigwira paphewa.

“Mayi, siyani.”

“Bweretsani machira. Ndikasiya magazi atuluka.”

“Mayi, satulukanso. Siyani.”

Ndinamva zimene ananena, koma manja anga sanamve. Zibakera zinali zitauma, zala zitamatirira kuchitenje, mikono itafa mpaka m'mapewa. Namwino anayesa kuzikoka, osatheka. Anyamata aja ankaopa kundiyandikira. Amene anabwera ndi amalume. Anatsika m'boti, anazungulira m'madzi mpaka mbali imene ndinali, ndipo anayamba kunditambasula zala chimodzichimodzi, mosamala, monga ankachitira pochotsa mbedza m'dzanja la mwana. Ankanong'ona kuti, “Pepa, mama. Pepa, mama.” Anamasula dzanja lamanzere n'kuliika pamwendo panga. Anamasula lamanja.

Dzanja limenelo litangomasuka, ndinawamenya nalo kumaso ndi mphamvu zonse zimene zinanditsalira, mpaka mphuno yawo inathyoka, anthu onse a padoko akuona. Sanazinde, sanadzitchinjirize. Anangoima m'madzi ofika m'mawondo, manja ali pansi, akudikira kuti ndiwamenyenso.